Buluku Lakuda la a Chigubu

Mwamuna wa telala anali munthu wonenepa, ndipo ankanyadira kunenepako. Kumalo odyera kumene ankaperekera zakudya anzawo anawapatsa dzina loti Chigubu, iwo n'kulilandira ndi manja awiri, moti ngakhale foni ankayankha kuti, "Chigubu pano, lankhulani." Pa zaka zonse zimene anagwira ntchito ija sanavalepo lamba. Ankati lamba ndi wa amuna amene anakwatira mothamanga. Iwo anakwatira telala, ndiye buluku lawo lakuda la kuntchito linkakhala m'chiuno palokha, osathina, osakhwepa, ngakhale atanyamula thireyi yodzaza mbale n'kukwera nayo masitepe.

Telalayo ankasokera m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Zovala zatsopano sankasoka kawirikawiri. Ntchito yake inali yokonza za ena: kubweza zazikulu, kupinda zazitali, kusintha zipi, kubisa pamene khoswe anadya. Anali ndi diso loopsa. Munthu akangoima pakhomo, iye anali atadziwa kale chiuno chake, ndipo tepi ankangoitulutsa kuti kasitomala asaone ngati akumupeputsa.

Musaganize kuti anali anthu a zinthu. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, denga lake lodontha pakona pamene panali kabati, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, foni ankaimba akakumbukira. Koma tsiku lawo linali ndi timalo take tokoma, ndipo iwo ankatidziwa. M'mawa ankamwa tiyi atakhala pa sitepe ya khomo lakuseri, moyang'anizana ndi chingwe choyanikapo zovala, osalankhula zambiri. Madzulo a Chigubu akaweruka ankadzera kwa mkazi wawo, n'kudziponya pampando wa makasitomala, n'kuyamba kutsanzira anthu amene awaperekera zakudya tsikulo. Kunali bwana wina amene ankayamba wanunkhiza foloko asanadyere. Kunalinso mayi amene ankabweza tiyi kuti watentha, akamubweretseranso n'kumubweza kuti wazizira. Wometa tsitsi ankasiya munthu mutu uli theka n'kudzasuzumira pakhomo kuti asaphonye. Telala ankaseka mapini ali kukamwa.

"Bambo inu, mudzandimezetsa pini tsiku lina," ankatero.

"Mukameza, Amisiri, ndidzakusokani ndekha," iwo ankayankha. Mkazi wawo ankamutchula Amisiri kuyambira ali pa chibwenzi.

Akatero ankakhoma chitseko n'kuyenda limodzi kupita kunyumba, bamboyo atanyamula chikwama cha mkazi wawo ngakhale anthu aseke. Ena amafunafuna chimwemwe mpaka kutha nsapato. Awiriwa chawo chinali chomwechi, ndipo chinkawakwana.

Kenako kunabwera matenda, osagogoda n'komwe. A Chigubu anayamba kudandaula m'mimba, madokotala anapeza chotupa m'matumbo, n'kuwachita opaleshoni. Tsiku lotuluka m'chipatala telala anali pamzere wolandirira mankhwala pamene dokotala anaitana wodwalayo, ndiye amene analowa nawo anali mlongo wawo wamkulu, amene anabwera kudzathandiza kudwazika. Telala atabwerako ndi kathumba ka mankhwala anapeza nkhani itatha kale.

"Akuti ndachira, Amisiri," anatero a Chigubu. "Atipatsa tsiku lodzabweranso, pakapita miyezi ingapo, kuti adzangoona chilondachi."

Mlongo wawoyo, mlamu wake wa telala, anakwera basi tsiku lomwelo kubwerera kwawo, poti anasiya ana a mwana wake opanda wowayang'anira.

Chilonda chinapola bwinobwino. Tsiku lobwerera kuntchito litafika, a Chigubu anadzuka m'mamawa, kumeta ndevu akuimba mluzu, kuvala malaya oyera, n'kulowa m'buluku lakuda lija. Mluzu unathera pomwepo. Telala atalowa m'chipinda anawapeza ataima pakati, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe, lina atalilowetsa m'chiuno, chibakera chathunthu chikulowa n'kutuluka.

"Taonani," anatero, mawu ali pansi.

"Bambo, munthu wochitidwa opaleshoni amaonda. Mubwerera mwakale, musadandaule."

A Chigubu anavula bulukulo, kulipinda bwinobwino, kuliika pampando, n'kugona moyang'ana kukhoma. Kuntchito sanapite. Tsiku limenelo sanadye, mawa lake anangolawa, mkuja wake anati tiyi akuwawa. Munthu amene ankadzaza nyumba yonse ndi phokoso anangoti zii, ndipo telala, amene pa opaleshoni yonse ija sanagwetse msozi, analira akutsuka makapu. Anali asanawaonepo amuna ake ali ndi mantha, ndipo zinamuopsa kuposa chotupa chija.

Tsiku lina m'mawa anatenga mabuluku awiri onse a kuntchito n'kunena kuti akukawasita ndi simbi yaikulu ya kushopu. Atafika sanayambe ndi simbiyo. Anatembenuza buluku loyamba, kumasula msoko wakumbuyo, kubweza pang'ono chabe, n'kusokanso ndi ulusi wakuda wofanana ndi wakale. Nsalu yotsalayo anaigoneka m'kati n'kuisita mpaka inati phwatalala, yosamveka pathupi. Anasuntha batani. Anachita chimodzimodzi ndi linzake. Inali ntchito yosatenga ndi ola lomwe, yoti akanaigwira maso ali chitsinzinire.

Madzulo anawaika pabedi.

"Tayesaninso, bambo. Mwina tsiku lija munali musanadye kanthu."

A Chigubu anayesa monyinyirika, ngati ongofuna kumusangalatsa. Anamanga batani, n'kusiya manja. Buluku linakhala. Anayenda mpaka pakhomo n'kubwerera, anawerama, anadumpha pang'ono, buluku lili pomwepo. Nkhope yawo inamasuka telala akuona.

"Amisiri!" anafuula, akudziomba pamimba. "Chigubu chayamba kudzaza! Muli mazira m'nyumba muno?"

Anadya mazira ndi buledi, kupempha tiyi wina, ndipo m'mawa mwake anapita kuntchito akuimba mluzu. Madzulo anali pampando wa makasitomala akutsanzira bwana wa foloko uja, wometa tsitsi ali pakhomo. Ndani akanamudzudzula mayiyu? Anaona munthu akumira, chimene anali nacho m'manja chinali singano, ndipo anagwiritsa ntchito chomwecho.

Vuto linali lakuti chigubu sichinkadzaza. Telala ankadziwa, chifukwa m'mawa uliwonse ankawakumbatira m'chiuno ngati akuwachotsa kaulusi kapena kuwakonza malaya, ndipo mkono wake sunkanama. Patapita milungu ingapo buluku linayambanso kutsetsereka pang'ono, iwo asanazindikire, iye n'kukalisitanso ndi simbi yaikulu ija. Anaphunzira kubweza pang'onopang'ono, kuwatsogolera matenda ndi kachala kamodzi, kuti lisadzafike tsiku loti chibakera chilowenso. Msoko wakumbuyo utabwezedwa kangapo, matumba akumbuyo anayamba kuyandikana, ndipo telala aliyense amadziwa kuti pamenepo ndi pamene pamagwiritsa munthu. Anasiya kumbuyo n'kuyamba kubweza m'mbali. Kenako ntchafu, kuti miyendo isamasambire. Kenako malaya: kusuntha batani la pakhosi, kubweza m'nthiti, kuchepetsa pamapewa. Ngakhale zovala zam'kati anazisintha mphira. M'moyo wake wonse anali asanasokepo bwino chonchi, ndipo panalibe munthu woti amuonetse.

Anthu ali ndi maso, ndipo ena pakamwa pawo palibe chitseko.

"A Chigubu," anatero wometa tsitsi tsiku lina, "dzina lija tilisinthe basi. Mwatsala botolo."

"Botolo la chiyani, iwe? Buluku ili ndi lomwe lija ndinkavala ndisanadwale. Taona, lamba ali kuti? Nkhope yokhayi ndiyo yaphwa, poti mankhwala aja ndi amphamvu. Thupi lilipo. Funsa Amisiri, ndiwo eni ake a tepi."

Telala anapondereza makina kuti alire kwambiri, mutu ali choweramira. Wometa tsitsi anamuyang'ana, anayang'ana bamboyo, n'kubwerera kwa kasitomala wake.

Si kuti mayiyu sanayesepo. M'mawa wina ali pa sitepe paja anaona kuti buledi wa amuna ake wathera kwa nkhuku za oyandikana nawo, akuwanyemera pang'onopang'ono ngati masewera.

"Bambo, bwanji tingopita kuchipatala, ngakhale tsiku lisanakwane? Akangokuonani basi."

"Kukatani? Kuchipatala kumapita odwala. Ine zovala zikundikwana, ntchito ndikugwira. Ndikawauza kuti chiyani, kuti ndakusowani?"

Mawu anafika pakamwa. Anangotsala pang'ono kunena kuti, bambo, zovalazo si zomwe zija. Koma a Chigubu anali atayamba kale kufotokoza za kasitomala wina amene anafunsa ngati nsomba ili m'mbaleyo inali yaimuna kapena yaikazi, ndipo anapinda milomo ndendende ngati munthuyo, telala n'kupezeka akuseka. Atasiya kuseka, mawu aja anali atabwerera. Anadziuza kuti tsiku la kuchipatala layandikira kale. Anadziuza kuti munthu wosangalala amadya, munthu wakudya amachira, pamene munthu wogona moyang'ana kukhoma sachira. Maganizo amenewa anali ndi mutu ndi miyendo, ndipo ankawabwereza tsiku ndi tsiku. Koma pansi pa onsewo panali china chimene sankafuna kuchiyang'ana: ankaopa kutaya madzulo aja.

Masitepe a kuntchito anayamba kuwalemera a Chigubu. Woyang'anira malo odyerawo anawachotsa pa matebulo a m'mwamba n'kuwapatsa a pafupi ndi khomo, iwo n'kudzazifotokoza kunyumba ngati akwezedwa. Ati pakhomo pamafunika nkhope yodziwika. Chikwama cha mkazi wawo ankanyamulabe pobwerera madzulo, koma telala anayamba kuchisiya chopanda kanthu, zolemera zonse n'kuziika m'jumbo lakelake.

Mlamu wake uja anatulukira Loweruka lina masana, osanena kuti akubwera. Anali mayi wamtali, wolankhula mokweza, woti akalowa m'nyumba amayamba ndi kupukuta chala pa kabati. Atangowaona a Chigubu anaponya chikwama pansi.

"Mayo ine! Iwe, watani? Wasanduka chiyani?"

"Achemwali, mwayamba. Moni kaye."

"Moni wa chiyani? Waonda ndi mutu womwe! Kuchipatala unapita?"

"Tsiku silinakwane. Komanso sindinaonde ine. Buluku ndi lomwe lija, likundikwana."

Mlamuyo anayang'ana bulukulo, ndipo linalidi kuwakwana, mochititsa kaso. Anakhala pansi mutu utaima. Telala anathawira kuseri, poti anali ndi zochapa zoti ayanike.

Buluku lina lija linali m'beseni. Zovala zakuda amaziyanika chotembenuza kuti dzuwa lisazidye mtundu, ndipo manja ake anachita zimene anazolowera asanaganize. Analitembenuza, kulikutumula, kulipachika pachingwe. Atatembenuka anapeza mlamu wake ataima pa sitepe, akuyang'ana nsalu zopindikapindika zimene zinagona m'kati mwa bulukulo, kumbuyo, m'mbali, m'ntchafu, mizere ya ulusi itandandalikana umodzi pambali pa unzake.

"Mlamu, ichi n'chiyani?"

"Ndimangobweza pang'ono."

"Pang'ono? Umu mungatuluke buluku lina! Iyeyo akudziwa?"

"Ayi. Alamu, musakweze mawu, chonde. Tsiku limene linawakhwepa koyamba anagona osadya masiku angapo. Ndinaona kuti afa ndi maganizo. Nditangolibweza anadzuka, anadya, anapita kuntchito. Mukanawaona mmene anasangalalira. Tsiku la kuchipatala layandikira, akawaona komweko."

Mlamuyo anatsika pa sitepe paja n'kumuyandikira. Atalankhula, mawu ake anali otsika, ndipo telala akanakonda akanakuwa.

"Sanakuuzeni?"

"Chiyani?"

"Zimene ananena dokotala tsiku lotuluka. Ine ndinali momwemo. Anati tsiku akumupatsa, inde, koma matenda amenewa amabwerera mobisa, ndipo chizindikiro chake ndi kuonda. Anamufunsa ngati kunyumba kuli sikelo, iye n'kuti kulibe. Dokotala anati, ndiye muziyang'anira zovala zanu. Zikangoyamba kukukhwepani musadikire tsiku, mubwere m'mawa womwewo. Mwamuna wanuyo anaseka, ati zimenezo n'zosavuta, buluku langa silinama, ndinakwatira telala. Ine ndinkayesa wakuuzani."

Telala anagwira chingwe. Zovala zonse zinagwedezeka. Tsopano anamvetsa chimene chinawagonetsa moyang'ana kukhoma tsiku lija: sikunali kulira mimba yawo yotchuka, ankasonkhanitsa mtima woti abwerere kuchipatala. Akanawasiya masiku ena awiri kapena atatu akanadzuka okha n'kunena kuti tiyeni. Iye ndi amene anawauza, ndi manja ake, kuti palibe chifukwa chopitira. Ndipo anapitiriza kuwauza mwezi ndi mwezi.

"Muwauza ndinu kapena ndiwauze ine?" anafunsa mlamuyo.

Telala anachotsa bulukulo pachingwe lili lonyowa n'kulowa nalo m'nyumba. A Chigubu anali pampando, akupumira m'mwamba pang'ono. Anawaika bulukulo pamiyendo, chotembenuza chomwecho, n'kugwada pambali pawo. Panalibe chofunika kulankhula, chifukwa munthu amene wakhala ndi telala zaka zonsezo amadziwa kuwerenga msoko. Anayendetsa chala pa mzere woyamba, wakunja, kenako wotsatira, kenako wotsatira, mpaka wam'kati kwenikweni umene unali wa sabata yomweyo. Madzi ankadontha pa bondo lawo.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lija munadya mazira."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ntchito yabwino, Amisiri," anatero. "Sindinamvepo ndi msoko umodzi womwe."

Sankaseka, komanso sankanyoza. Ankangonena zoona.

"Bwanji simunandiuze zimene ananena dokotala?" telala anafunsa akulira.

"Ndinaona kuti mwavutika kale mokwanira. Ndinati ndiziyang'anira ndekha."

Lolemba anapita kuchipatala onse atatu. A Chigubu atakwera pa sikelo, namwino anayang'ana pepala lakale, anayang'ana sikelo, n'kuwauza kuti atsike akwerenso. Anawajambula, anawatenga magazi, anawauza kuti adzabwerenso kudzamva zotsatira. Tsiku la zotsatiralo dokotala, mayi wachichepere wa maso otopa, anawakhazika pansi n'kutseka chitseko. Anati matenda abwerera, ndipo afika kuchiwindi ndi kwina. Opaleshoni ina siingathandize. Chimene angachite ndi kuwapatsa mankhwala oletsa ululu.

Telala anafunsa funso limene ankadziwa kuti yankho lake lidzamutsata mpaka kumanda.

"Adokotala, tikanabwera nthawi imene anayamba kuonda?"

Dokotala anayamba wayang'ana patebulo.

"Mayi, sindingakulonjezeni kuti akanachira. Matendawa ndi ovuta. Koma tikanakhala ndi poyambira."

Mlamu anabwerera kwawo osatsanzika telala. Mwana wawo anaimba foni akulira, n'kulonjeza kuti abwera mwezi ukatha. M'nyumba munalowa bata loipa. A Chigubu sanamukalipire mkazi wawo ngakhale kamodzi, ndipo iye ankalakalaka atamukalipira, atamutukwana, ataswa kapu, chilichonse choti achigwire. Ankangomuthokoza akawapatsa madzi, ngati mlendo. Kushopu zovala za anthu zinaunjikana pampando wa makasitomala. Ankakhala kutsogolo kwa makina tsiku lonse, phazi lili pa chopondera, osaponda. Wometa tsitsi anasiya kusuzumira.

M'mawa wina anamva akumuitana kuseri. Anawapeza atakhala pa sitepe paja, atafunda bulangeti ngakhale kunali dzuwa.

"Tiyi alipo, Amisiri?"

Anabweretsa makapu awiri n'kukhala pambali pawo. Iwo anangoviika milomo.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Ndimafuna ndikukwiyireni, koma zikukanika. Ndikayamba kukwiya ndimakumbuka kuti miyezi yonse ija ndinali wosangalala. Ndinkadzuka m'mawa, kuvala buluku, n'kuti lero ndapulumukanso. Kusangalala kwake kunali kwenikweni, sikunali konama. Ndiye sindikudziwa ngati munandipatsa miyezi imeneyo kapena munandilanda ina. Ndayesa kuwerengera, sizikutuluka."

"Ndinakulandani, bambo."

"Mwina. Sitidzadziwa."

Nkhuku za oyandikana nawo zinabwera kudzayendayenda pafupi, zitazolowera buledi. Panalibe chozipatsa.

"Dzulo ndinaimbira woyang'anira uja," anapitiriza. "Thireyi sindingathenso. Koma akuti ndikhoza kumakhala pakhomo, kulandira anthu, kupukuta masipuni nditakhala pansi, kwa masiku amene ndingathe. Kugona muno kukundipha msanga. Ndiyambe Lolemba. Koma zovala zija zandikhwepanso."

Telala anawayang'ana.

"Muzibweze ine ndikuona," anatero. "Ndi tepi, ngati kasitomala."

Anakatenga tepi, mapini ndi sizasi. A Chigubu anavala buluku lakuda lija n'kuima pakati pa chipinda, dzanja limodzi litagwira mpando. Kwa nthawi yoyamba chidwalireni, telala anawazunguliza tepi m'chiuno poyera, ndipo nambala imene anawerenga inali ya mnyamata wa sukulu. Sanaitchule, iwonso sanafunse. Anagwada n'kuyamba kutsina nsalu, kumbuyo, m'mbali, akubaya mapini. Anatsina apa, anamasula, anatsinanso pena. Kenako manja ake anaima.

"Bwanji?"

"Sizikutheka, bambo. Nsalu yachuluka m'katimu. Ndikaipindanso ikhala chibuluma, izikukhulani pa mafupa. Pafunika kudula."

"Ndiye dulani."

"Ine sindidula." Anachotsa manja ake pa nsaluyo. "Telala akabweza chovala sadula nsalu yotsalayo, amaisiyira m'kati. Munthu amanenepanso, n'kudzabwera kuti mumasulire. Chiyambire ntchitoyi sindinadulepo ya munthu aliyense. Yanuyi yonse ilimo, kuyambira msoko woyamba. Ndikhoza kulibwezera mmene linalili lero lomwe. Koma ndikadula, basi, silidzabwereranso."

A Chigubu anayang'ana pansi, pa mutu wa mkazi wawo pamene imvi zinali zitayamba. Anasiya mpando n'kumugwira paphewa, pena pomutonthoza, pena poti miyendo inali itatopa.

"Amisiri," anatero mofatsa, "dulani."

Anawathandiza kuvula, kuwakhazika pabedi, n'kuwafunditsa bulangeti m'miyendo. Anayala bulukulo patebulo chotembenuza. Anapukuta maso ndi mkono kuti aone bwino mzere, chifukwa ngakhale pamenepa sakanalola kudula mokhota. Sizasi inalowa m'nsalu, ikulira pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno kutsika m'ntchafu, ndipo chidutswa chachitali chakuda chinagwera pansi. Anatembenuza n'kudula mbali inayo.

"Likhala litatha pofika Lolemba?" anafunsa a Chigubu ali pabedi paja.

"Likhala litatha," anatero telala, n'kutenga linzake.